Mbewa Yokana Manzere

"Ndati ndani wamuloleza? Nachisale, ndikufunsa inu! M'nyumba mwanga muno, ine ndili moyo, mwana azigwira zinthu ndi dzanja lakuchimbudzi?"

A Maynard Ngozo anali chiimire pabalaza, chingwe chakuda chikulendewera m'manja mwawo ngati mchira wa khoswe. Chinali chingwe cha mausi, kachipangizo koyendetsera muvi pakompyuta kamene ena amangoti mbewa, ndipo anali atangochizula ndi mphamvu zonse zimene amanyamulira matumba a kachewere pa Lizulu. Mausiyo inali gada pansi. Mwana wawo Tisunge, mtsikana amene analemba Fomu 4 chaka chatha, anali atabisa dzanja lamanzere m'khwapa ngati laba kanthu.

Lufina, mkazi wawo, amene iwo ankamuitana ndi mfunda wake woti Nachisale, analowa manja ali chonyowa, pakuti phokosolo linamupeza akutsuka mbale.

"Mwadula chinthu cha eni ake, bambo a Tisunge. Ndi cha aphunzitsi ake a kompyuta chimenecho, anangomubwereka."

"Aphunzitsiwo ndi amene akumuphunzitsa mwano? Ine kulowa muno ndapeza wachikokera kumanzere, chala chili pantchito, manyazi n'komwe alibe. Dzanja limeneli ndinalimbana nalo ali kamwana. Ndinalimanga ndi chitenje, ndinalikwapula mpaka linamva. Lero lidzuke chifukwa cha chikompyuta cha mlongo wanu?"

"Kompyuta yalakwanji? Achimwene anga a Hilary anaitumiza kuti mwanayu aziphunzirirapo. Ndi yakale, pamalo poyendetsa chala panafa, popanda mausi siigwira ntchito. Mayeso olowera ntchito ndi kumapeto kwa mwezi uno. Bungwe la alimi lija likufuna munthu mmodzi yekha wa pakompyuta, ndipo ananena poyera kuti adzalemba wachangu. Ndi lamanja mwanayu amachedwa, inu mukudziwa. Ku Fomu 4 mapepala ena sanawamalize chifukwa cha dzanja lomweli."

"Achedwe! Kuchedwa si tchimo. Koma mkazi wopatsira apongozi madzi ndi manzere, ameneyo amabwezedwa dzuwa lisanalowe, ndipo osekedwa tidzakhala ife. Kuwongola mtengo mpoyamba."

"Zaka zonsezi mukuwongola mtengo womwewu? Mwina siwopindika, bambo. Mwina unamera choncho."

"Ehe! Mwayamba kundilalikira?"

"Sindikulalika, ndikungofunsa. Inu mukamavina ngoma, chishango mumagwira ndi dzanja liti?"

A Ngozo ankadziwa bwino kuti ndi lamanzere. Pa ngoma m'mudzimo panalibe wowaposa, ndipo chishango chawo chachikopa ndi chibonga zinali pakhoma pomwepo, pamwamba pa kalendala. Anaziyang'ana, kenako anamuyang'ana mkazi wawo ndi diso loipa.

"Chishango sichidya, mayi inu. Chishango sichipereka moni. Musandisakanizire nkhani." Anaponya chingwe chija patebulo. "Ya aphunzitsiyo ndibweza. Koma mbewa ya mwanayu ndikagula ndine, ndipo ndikasankha ndekha. Tione ngati dzanja limeneli lili ndi makani kuposa ine."

Lufina anatola mausi yakufayo n'kuipukuta pachitenje. Mtima wake unali kuwira. Ankamudziwa mwamuna wake: akati ndikasankha ndekha, ndiye kuti pali chimene wakonza.

Lolemba atatuwo anakwera minibasi ya ku Boma. M'mbali mwa msewu munali ogulitsa mbewa zapampani, akuzikweza m'mwamba galimoto ikamadutsa.

"Mbewa zenizeni ndi izo," anatero a Ngozo mokweza kuti onse amve. "Ife tikukagula yosadyeka. Dziko latha!"

Anthu anaseka. Tisunge anangoyang'ana pawindo.

Sitolo yake inali kanyumba kopanikizana pafupi ndi depoti, kodzaza mafoni, matchaja ndi mawailesi. Mwini wake, Cedric, anali munthu wa pakamwa potsekemera, woti akhoza kumugulitsa chipeso munthu wadazi.

"Mausi zilipo, bwana, zamitundumitundu. Iyi ndi ya chingwe. Siivuta, koma chingwecho chikangoduka, kwatha."

"Zimenezo tikuzidziwa," anatero Lufina, osamuyang'ana mwamuna wake.

"Ndiye tengani yopanda chingwe. Mumalowetsa kachitsulo aka m'mbali mwa kompyuta, m'mimba mwake muikamo batire limodzi, basi, ikuyenda. Koma posankha musathamangire kukongola. Mausi ili ngati nsapato, amayesa ndi mwini wake. Ikakula dzanja limatopa, ikachepa zala zimapindika. Chemwali, bweretsani dzanja."

Dzanja lamanzere la Tisunge linanyamuka lokha, koma linabwerera panjira. Anatambasula lamanja. Cedric anaika pansi pake kamausi kotuwa, kosalala.

"Aka ndiye kanu. N'kopepuka, mukadina sikalira, batire kamasunga. Ndipo onani, mbali zonse n'zofanana. Wamanja, wamanzere, aliyense kamamukwana."

Kalanga ine, Cedric! Akanadziwa akanaluma lilime.

"Wati bwanji?" anafunsa a Ngozo.

"Ndati aliyense kamamukwana, bwana."

"Kachotse. Mbewa yosasankha mwini ndi yachiwerewere. Ilipo yokana manzere?"

Cedric anaseka poyesa nthabwala, koma ataona nkhope ya a Ngozo kusekako kunathera m'khosi. Anafufuza pansi pa kauntala n'kutulutsa chimausi chakuda, chamsana ngati fulu, chokhala ndi kangalande m'mbali.

"Iyi ndi ya mabwana a m'maofesi. Anaiumba motsata dzanja lamanja, chala chachikulu chimagona m'kangalande aka. Wamanzere akaigwira zimakhala ngati wasemphanitsa nsapato."

"Eya! Imeneyi ndiye mbewa yoleredwa bwino."

"Komatu kwa chemwaliwa yakula, bwana. Onani, zala sizikufika bwino podina."

"Dzanja likula."

"Ababa, chonde," anatero Tisunge ndi mawu otsika. "Kotuwaka ndikhoza kumagwira ndi lamanja lomwe."

"Ine ndikapita kumsika? Ukuyesa ndinabadwa dzulo? Wogula ndani pano, iwe kapena ine?"

"Bambo a Tisunge," analowererapo Lufina, "wokalemba mayeso ndi mwanayu. Nsapato amayesa mwini, mwamva nokha."

"Inu khalani chete. Pagulu pano musandiyankhe. Kulunga, mphwanga."

Cedric anakulunga, maso ali pansi. Pobwerera m'minibasi a Ngozo anaifungata mbewa yawo pamiyendo ngati mwana wobadwa kumene, ndipo Lufina anadana nacho chinthucho asanachione n'komwe chikugwira ntchito.

Masiku otsatira m'nyumbamo munali chisoni. Tisunge ankati akakankha chimausi chija, muvi unkayenda ngati munthu wochokera kokachasu. Akafuna apa, iwo uli uko. Akati adine kamodzi, chala chinkadina kawiri, zinthu n'kutsekuka zosafunika. Dzanja linkatopa msanga, mkono n'kuyamba kuphwanya. Tsiku lina masana, a Ngozo ali ku Lizulu, Lufina anamupeza atatseka kompyuta, mutu uli patebulo.

"Ndasiya, amayi. Kumayeso sindipita."

"Wayamba misala?"

"Kusukulu ya kompyuta anzanga amamaliza ine ndili pakati. Aphunzitsi akandilola kugwira ndi lamanzere ndimawasiya onse, mpaka amadabwa. Koma kuno ndikayeserera pati? Pamayeso adzati aliyense abwere ndi zipangizo zake. Ine ndidzapite ndi fulu ameneyu? Bola ndingokwatiwa monga akufunira ababa, ndizikapatsira anthu madzi ndi dzanja labwino."

"Tseka pakamwa pako! Ine ndinakubala kuti uzikapatsira anthu madzi?"

"Nanga mutani, amayi? Inu mumangoyankha pakamwa, mapeto ake zimachitika za iwo."

Mawu amenewo anamubaya Lufina chifukwa anali oona. Sanamukalipire mwanayo. Anangoti, "Mbewa yamanyazi inafera kuuna," ndipo ngakhale iye mwini sanadziwe ngati akunena Tisunge kapena akudzinena yekha.

Tsiku la msika anasenza kabichi wa kudimba kwake kupita ku Boma. Atagulitsa sanapite kogula sopo ndi mchere monga ananenera kunyumba. Analunjika kwa Cedric.

"Kotuwa kaja kalipo?"

"Kalipo, mayi. Ndinadziwa kuti wina abweranso." Anakalumikiza pakompyuta yake ya m'sitolo. "Tayesani, muone kuti n'kamoyo."

Lufina anali asanagwirepo mausi chibadwire. Anaika dzanja, n'kukankha pang'ono. Muvi unamvera. Anaupititsa kumwamba, unapita. Anauzunguliza, unazungulira mwaulemu ngati mbuzi yozolowera mwini wake.

"Aa, mayi! Kani nanunso ndinu amanzere?"

Lufina anayang'ana pansi. Linalidi lamanzere, lapita lokha osatumidwa. Anafuna kulibweza, koma Cedric anali ataona kale chipsera chachikulu chimene chinali pachikhatho.

"Azakhali anga anandifumbatitsa khala lamoto ndili mwana," anatero Lufina. "Ankati ndisiye kudyera dzanja ili. Ndinasiyadi."

Amuna ake ankakhulupirira kuti anagwera pamoto akukwawa, ndipo iye sanawatsutsepo. Koma pamenepo, m'kasitolo konunkha fumbi, anamva ukali umene anali asanaumvepo. Zaka zonsezi ankasoka mokhota, ankasenda mbatata mochedwa, anthu n'kumati Nachisale ndi wamanja olemera, pamene dzanja lake lenileni linali pambali, likungothandizira linzake ngati wantchito.

"Tandiuza, mwanawe. Kameneka kakhoza kugwira ntchito kali pansi pa tebulo?"

"Ngakhale pantchafu, mayi, bola pakhale buku. N'chifukwa chake kalibe chingwe."

"Nanga chakuda chija chili pamwamba?"

Cedric anamuyang'ana, kenako anamwetulira. "Kompyuta siisankha. Mukalowetsa tizitsulo tonse tiwiri, imamvera imene yagwedezeka."

Madzulo a tsikulo Lufina anatulutsa nsalu yapatebulo ya maluwa, yaitali yofika pansi, imene ankaiyala pa Khirisimasi pokha. A Ngozo atafunsa, anati tebulo layamba kuonetsa ukalamba.

Kuyambira pamenepo zinthu zinasintha. Tisunge ankakhala mowongoka, dzanja lamanja lili pachimausi chakuda, akuchigwedeza pang'onopang'ono kuti chioneke chamoyo. Pansi pa nsalu, pakope limene linali pamiyendo, lamanzere linkagwira ntchito yeniyeni ndi kotuwa kosalira kaja. Muvi unkathamanga ngati wapsa mchira. Akafuna kulemba, manja onse ankakwera pamabatani, akamaliza lililonse n'kubwerera pamalo pake.

A Ngozo anaona, ndipo chimwemwe chawo chinali chonyansa kuchiona. Mpaka anakaitana akulu awo a Paison, amenenso anali ankhoswe a banjalo, kuti adzaone ndi maso.

"Onani, achimwene! Ankati mwana sangathe ndi lamanja. Uyu ndani? Nachisale ankandiyankha mwano m'nyumba muno, lero ali kuti? Mawu a akulu akoma akagonera. Mwana amafuna dzanja lolimba, osati kumunyengerera."

"Wachitadi changu," anavomera a Paison, akusuzumira ndi maso awo ofooka.

"Mbewa imeneyi ndinasankha ndine. Wa sitolo ankafuna kundipusitsa ndi kachabechabe."

Lufina anali pakhomo akusankha nyemba. Mantha anali nawo, pakuti bodza lokhala pabalaza silichedwa kupunthwitsa munthu. Koma chisoni analibe, ngakhale pang'ono.

Mayeso anali Lolemba. Lamulungu masana, atabwera kutchalitchi, a Ngozo anakhala pakhonde ndi kawailesi kawo kumvera mpira. Mpira uli pakati, kawailesi kanayamba kulira ngati mwana wa mbuzi, kenako zii. Anatukwana, anagogoda, sizinathandize. Batire lina analipeza mu tochi, koma kawailesiko kamadya awiri. Tisunge anali atapita kumjigo, Lufina ali kuseri akuanika ufa. A Ngozo analowa pabalaza, anatembenuza mbewa yawo yakuda, anaitsegula pamimba, anachotsa batire, n'kuibwezera pamalo pake bwinobwino. Mpira unapitirira.

Tisunge atatula ndowa anakhala pakompyuta kuti ayeserere komaliza. Lufina naye analowa ndi lichero la nyemba, n'kukhala pafupi ndi khomo. Osewera atapita kopuma, a Ngozo anakumbuka kuti amuuze mwana za batire. Analowa akuimba kamluzu, koma kamluzuko kanaduka.

Muvi unali kuuluka. Dzanja lamanja la Tisunge linali phee pachimausi chakuda.

Lufina anaona nkhope ya mwamuna wake ikusintha, koma sanadziwe chimene chalakwika.

"Ikuyenda bwino mbewa yanga?" anafunsa a Ngozo mofatsa.

"Ikuyenda, ababa."

"Tadina apo ndione."

Tisunge anadina. Tsamba linatsekuka.

"Pititsa muvi kumwamba."

Muvi unakwera.

A Ngozo anachotsa dzanja la mwanayo, ananyamula chimausi chija, anachitembenuza n'kutsegula. M'mimba munali mbee. Anachionetsa kwa Tisunge, kenako kwa Lufina.

"Mbewa yotumbula ikuthamanga? Batire lake likuulutsa mpira pakhonde apo. Ufiti umenewu mwautenga kuti?"

A Ngozo anagwira nsalu ya maluwa ija n'kuikoka. Kompyuta ikanagwa pansi Tisunge akanapanda kuigwira ndi chigongono. Ndipo chinsinsi chonse chinali poyera: kope pamiyendo, kamausi kotuwa, ndi dzanja lamanzere litakafumbata.

"Wakupatsa ndani?"

"Ndine," anatero Lufina, akuimirira. Nyemba zinamwazika pansi.

"Inu? Ndiye kuti masiku onsewa mwakhala mukundiseka? Ine kukaitana achimwene anga, kudzitama pamaso pawo, inu muli pakhomo apo mukundiona ngati chitsiru?"

"Munadzipusitsa nokha. Munaona mwana akuchita bwino, munakondwa. Chasintha n'chiyani? Mwana ndi yemweyo, changu ndi chomwecho."

"Chasintha n'chakuti m'nyumba mwanga muli akuba awiri!"

"Taba chiyani? Dzanja ndi lake, anabadwa nalo. Wakuba ndi amene akufuna kumulanda."

"Nachisale, samalani pakamwa."

"Ndasamala zaka zambiri, ndatopa. Mawa mwanayu akalemba mayeso ndi dzanja limene Mulungu anamupatsa. Mukafuna mukandinenere kwa ankhoswe, kumpingo, kulikonse."

"Mawa? Tiona ngati likalembe."

Anatembenukira kukhoma. Lufina anayesa akufuna chipewa kuti atuluke, monga ankachitira akakwiya. Koma anatsitsa chibonga cha ngoma, chamutu wozungulira, chimene ankachipaka mafuta chaka ndi chaka.

"Ika patebulo."

"Ababa!"

"Ndati ika patebulo, pamodzi ndi kachinthu kakoko! Ndinalilekerera kalekale dzanja limeneli. Lero ndithana nalo."

Tisunge, mwana woleredwa ndi mantha, anamvera. Anaika kamausi patebulo, dzanja lili pamwamba pake. Anatseka maso.

Pambuyo pake a Ngozo anauza aliyense kuti iwo ankalinga mbewayo, kuti ankayembekeza kuti mwana achotsa dzanja. Mwina n'zoona. Lufina analibe nthawi yofunsa. Anaona chibonga chikukwera, ndipo dzanja lake lamanzere, lomwe lija la chipsera, linafika patebulo iye asanaganize n'komwe. Linavundikira la mwana wake.

Kunamveka ngati munthu waponda phesi louma.

Lufina sanalire msanga. Anayang'ana zala zake, ziwiri zitaloza kumene zala siziloza, kenako ululu unabwera wonse pakamodzi, n'kumugwetsa pansi. Tisunge anakuwa mpaka anthu oyandikana nawo anatuluka m'nyumba. Chibonga chinagwa m'manja mwa a Ngozo. Pakhonde kawailesi kanali kakufuula kuti mpira wayambanso.

"Mwalowereranji inu?" ankangobwereza a Ngozo. "Ndani anakuuzani kuti muikepo dzanja?"

Lufina anamukoka Tisunge ndi dzanja lotsalalo.

"Tambasula zala ndione."

Tisunge anatambasula. Zonse zisanu zinali bwino. Kamausi nako kanali kamoyo, kagetsi kake kakuyaka pansi.

"Tenga kompyuta, tenga kameneko, tenga ndi zovala. Itana wa njinga yamoto. Undiperekeze kuchipatala ku Boma, ndipo kuno usabwerere mpaka utalemba."

Patapita masabata awiri ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mapichesi pakhomo pa a Ngozo. Kuchimuna kunali a Paison, kuchikazi a Hilary, amene anachita kuchokera ku Lilongwe nkhope ili gwa. Lufina anakhala pamphasa, mkono wamanzere uli m'chikhakha choyera kuyambira m'zala mpaka m'chigongono, atauzenga ndi kansalu m'khosi. Achipatala anali atamuuza kuti zala ziwirizo mwina sizidzapindikanso.

Tisunge panalibe. Mayeso analemba, anamaliza anzake akadali pakati, ndipo ntchito anamulemba. Ankakhala ku Boma kwa mayi wina wa mumpingo, ndipo anatumiza mawu oti kumudzi abwera akadzamva kuti chibonga chachoka pakhoma.

"Ine ndimati nkhaniyi ipite kupolisi," anatero a Hilary. "Mlongo wangayu ndiye wati tiyambe takhala pansi. Musayese kuti ndakhululuka, alamu."

"Inali ngozi," anayankha a Ngozo. "Ine ndimalanga mwana wanga, monga bambo aliyense. Iwowa ndi amene anabweretsa dzanja. Komanso tisaiwale chiyambi chake. Mkazi kunamiza mwamuna wake m'nyumba, mpaka kumuchititsa manyazi pamaso pa akulu ake, chimenecho n'chabwino? Chimene ndimafuna ine ndi ulemu basi. Pakhomo popanda ulemu si pakhomo."

"Maynard," anatero a Paison motopa, "mwana wapeza ntchito ndi dzanja lomwelo. Ungopepesa."

"Ntchito ndi ntchito, mwambo ndi mwambo. Kupepesa ndipepesa, koma nawonso avomere kulakwa kwawo." Anakhosomola, n'kukonza kolala ya malaya awo akutchalitchi. Ankafuna alendowo aone kuti pakhomopo pakadali mwini wake. "Nachisale, alendo auma kukhosi. Kodi thobwa lija latha?"

A Hilary anafuna kuyankhula, koma Lufina anawaletsa ndi maso. Anadzuka movutikira, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chikho chachikulu chodzaza. Mwa mwambo, woyamba kulawa ndi mwini khomo. Anapita pamene anakhala amuna ake, anaima, n'kutambasula dzanja lamanja lokha.

A Ngozo anachiyang'ana chikhocho, nkhope n'kuchita mdima. Kuyambira tsiku la ukwati wawo, Lufina anali asanawapatsirepo kanthu chotero. Nthawi zonse ankagwada, lamanja litagwira chikho, lamanzere litachirikiza pamkono, monga amachitira munthu aliyense woleredwa.

"Mwaonatu, achimwene? Mwaona nokha? Kundipatsira ndi dzanja limodzi, ngati akuponyera galu fupa! Ulemu uli kuti pamenepa?"

"Ili ndi lamanja, bambo a Tisunge," anatero Lufina, mawu ake osakwera. "Lomwe munasankha. Lochirikiza lija munati ndi lakuchimbudzi, ndipo munathana nalo. Landirani. Ulemu umene watsala pakhomo pano ndi womwewu."

A Ngozo anayang'ana kwa akulu awo kuti awathandize. A Paison anali akuyang'ana nyerere pansi.

Chikhocho chinali cholemera kwa dzanja limodzi. Chinayamba kunjenjemera, thobwa n'kumadonthera pansapato za a Ngozo zopolisha bwino. Lufina sanachitsitse, ndipo sanagwade.